Mzimbe Wosenda ndi Mpeni

Lachinayi, ku Mandimba. Tsiku langodutsa, sindinalimve n'komwe.

Ndabwerako ku Cuamba. Dotolo wati matenda a nkhama adya fupa logwira mano anga. Akuti kumizinda ikuluikulu kuli makina a leza, otsuka bala ndi kuwala kuti fupa limerenso, koma iwo alibe. "Kuno timangozula, bambo."

Ndangoti chabwino.

Nditafika, akazi anga andipatsa mzimbe wakudimba, uja tinabwera ndi mbewu yake pochoka ku Malawi, komwe tinathawira, nkhondo ya kuno itatha. Moyo wanga wonse ndasenda ndi mano. Lero asenda ndi mpeni, n'kuduladula tizidutswa ngati ta mwana, n'kundiikira m'mbale.

Nyumba tinamanganso, mzikiti tinafoleranso. Fupa lokhali lakanika.

Mbale ija ikadali pamphasa. Nyerere zayamba kale kudya.