Foni Inalira Kanayi

Nsungwi, Area 25
Lilongwe
13 Malichi 2001

Okondedwa Achimwene a Geoffrey,

Kwacha ndi mvula yowaza, yosaleka. Madontho akugwera m'ndowa ya pakhonde, ndipo kumsewu makondakitala akukuwa "Tauni! Tauni!" ngati palibe chachitika. Kusukulu sindinapite, ndanama kuti mutu ukundipweteka. Musadabwe kuti kalatayi yakupezani ku Blantyre pa positi. Modemu, kachipangizo kolumikiza kompyuta ku foni kaja, ili m'kabati, Abambo anaizula Loweruka.

Ndiyambe ndi chimene ndinkafuna kukudabwitsani nacho. Kompyuta yakale munandisiyira ija inkachedwa kwambiri pogwira ntchito. Munandiuza kuti kenelo, mtima wa makinawo, ikudya malo ambiri m'memole, momwe kompyuta imasungira zimene ikuchita, n'chifukwa chake pulogalamu yoimbira kunja ndi yoyankha foni sizinkatha kukhalira limodzi. Ndinawerenga buku lanu lija milungu itatu. Ndinachotsa zonse zimene tilibe: za mawu, za ma CD, za makina osindikizira. Kenelo inachepa mpaka kukwana pa disiketi imodzi, malo n'kutsalabe. Mapulogalamu awiri aja anayamba kusinthana laini bwinobwino, ina ikagwira laini, inzake n'kudikira. Ndinasangalala ndekha m'chipinda, popeza pakhomo pano palibe woti angamvetse.

Lamulo lanu ndinkalidziwa: yoyankha iziyatsidwa Lamulungu lokha, 2 koloko mpaka 4, pamene inu mumalumikiza kompyuta yanu kudzatisiyira makalata. Masiku ena onse laini ndi ya anthu. Koma poona kuti malo alipo, ndinaikonza kuti iziyaka yokha nthawi zonse, n'kumayankha foni ikangolira kamodzi. Ndinkati mwina tsiku lina mudzayesa pakati pa sabata, mudzapeze khomo lotsegula, mudziwe kuti mng'ono wanu wakula.

Loweruka m'mawa Amayi anali kumsika. Abambo ankatsuka pikapu ya kuntchito panja, wailesi ili pamwamba. Foni inalira kamodzi, modemu n'kuyamba kulira kwake kuja.

"Pemphani, si foni imeneyo?" anafunsa Abambo pawindo.

"Ayi Ababa, ndi Achimwene pa kompyuta."

"Muwauze kuti kulankhula ndi pakamwa sikunaletsedwe," anatero akuseka.

Inalira kanayi, Achimwene. Kanayi konse ndinakhala pampando ndikudikira dzina lanu pagalasi la kompyuta. Kachitatu ndinamva ngati mawu a munthu pansi pa phokosolo, koma ndinadziuza kuti ndi laini yonyowa ndi mvula. Chonyamulira cha foni chinali pafupi ndi dzanja langa. Sindinanyamule.

Anali Mayi Rozina, oyandikana ndi Achemwali a Dailesi ku Mchesi, akuimba pa foni yolipira ya pagolosale. Achemwali anayamba kutaya magazi, mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha, ndipo amuna awo, alamu a Kings, anali paulendo ku Mzuzu. Mukudziwa kuti tinagwirizana kuti zikavuta aziimba kuno, Abambo athamange ndi galimoto. Mayi Rozina anazungulira nthawi yaitali kufunafuna galimoto ina. Anafika nawo Achemwali kuchipatala dzuwa lili pamutu. Uthenga unatipeza madzulo, ndi mnyamata wa panjinga.

Mayi Rozina anauza Abambo pamaso panga kuti, "Foni yanu imangolira ngati nkhumba yomangidwa. Ndinakuwa dzina lanu mpaka anthu pagolosale kundiseka."

Abambo sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti, "Zidole za Geoffrey," n'kukazula mawaya. Akuganiza kuti munazisiya chonchi ndinu. Ati simudzaonanso chipinda chija chili ndi makina, ndipo dzulo anakana kukuimbirani. Ine ndinali pomwepo, ndikudya nawo mbale imodzi, osaulula kuti ndinali ine. Adokotala akuti mwana akanabadwabe msanga ngakhale akanafika m'mawa. Za magazi amene Achemwali anataya panjira sananenepo, ndipo ine ndikuopa kufunsa.

Sindikupempha kuti mundiikire kumbuyo. Ndikufuna mumve kwa ine poyamba, musanamve kuti Abambo akukwiyirani chifukwa cha chinthu chimene simunachite. Ndikamaliza kulemba ndikawauza. Disiketi ija ili m'thumba la yunifolomu, sindikudziwa ngati ndiisunge kapena ndiitaye.

Ndinasiyira apa m'mawa, tsopano ndi madzulo. Pikapu yalowa kumene. Atsika Abambo, atsika Amayi ndi beseni ndi mabulangete. Achemwali atsika pang'onopang'ono atagwira chitseko, akhala kuno mpaka apeze mphamvu. Andisisita kumutu n'kuti, "Katswiri wathu, waonda bwanji?" Mwana sanabwere. Watsala m'chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane, ndipo mawa m'mawa Abambo awaperekezanso kukamuyamwitsa. Ndi wamkazi. Amutcha Tadala.

Amayi akupereka moni. Achemwali akuti mubwere mudzamuone. Abambo sanapereke moni, koma ali pakhonde okha, ndipo ndikupita komweko.

Ndine mng'ono wanu,
Pemphani