Mapaipi a Halima

Amayi anga, mwaswera bwanji kumene muliko?

Ine kuno ku Kabwata thupi lilibe vuto, koma mtima sukukhala pansi. Lero ndasoka zipi ya siketi ya kasitomala mozondoka kawiri, ndiye ndati ndiyambe ndasiya makina ndikulembereni. Mawa pa 14 mukwanitsa miyezi isanu ndi iwiri chitisiyireni.

Mkazi wa mlongo wanga Yusufu anachira ku Chelstone mu Epulo, mwana wamwamuna, mphumi ngati yanu. Chimanga chija munadzala kuseri kwa bafa tinakolola, chinakwana thumba limodzi losadzaza bwino. Magetsi akuzimazimabe monga munawasiyira.

Koma nkhani yandikhazika pansi ndi ya mdzukulu wanu Halima. Mukukumbukira tsiku lija munamufunsa chomwe amachita pa kompyuta, iye n'kuyankha kuti akuphunzira za mapaipi? Munauza azimayi onse a ku mzikiti. Munkati, "Ameneyu sadzasowa ntchito, nyumba iliyonse ili ndi mpopi." Iye ankangoseka, osakutsutsani.

Mu Meyi analowa pa kakampani kena ku Northmead, kopanga mapulogalamu a makina olipirira m'masitolo. Anamupatsa miyezi itatu yomuyesa. Anandiuza osabisa kuti akapanda kumulemba, apita ku Joni kwa mnzake kukasaka ntchito. Amayi, inu mukudziwa kuti m'nyumba muno tatsala awiri basi. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikupempherera makina omwe sindinawaonepo.

Lolemba sabata yatha ndinamumva pa foni ali pakhonde. Ankati, "Paipi ikali kudontha, bwana. Nipatseniko mpaka pa Chisanu." Ine ndinkadziwa kuti ntchito yake ndi ya kompyuta, koma ndinaganiza kuti mwina makina akuluakulu amakhala ndi mapaipi a madzi owaziziritsa ngati galimoto. Iye atapita, ndinagogoda kwa aneba athu, Bashi Mulenga, apulambala okonza mipopi aja. Ndinawapatsa ya minibasi, ndikuwapempha kuti akamuthandize mwana mwakachetechete.

Mwakachetechete mwake ndi umu. Anafika ndi chikwama cha masipanala, ovololo ili m'thupi, n'kuima pakati pa ofesi. "Shani ba sisi, nabwela kuona paipi ya ba Halima yamene itaya manzi. Ili kuti, ku toileti?" Akuti ofesi yonse inagwa nacho chiseko, abwana mpaka kupukuta misozi. Panopa Halima anzake akumutcha ba Pulambala.

Madzulo Halima anabwera osandiyang'ana. Chakudya anangochikankha. Ndiye anati, "Amama, mwanichititsa manyazi maningi." Ndinapepesa. Kenaka ndinati andiuze bwinobwino za mapaipi akewo, ndisadzatumenso munthu wa masipanala. Anakhala pa mpando wanu uja, n'kutenga choko changa cholembera nsalu, n'kuyamba kujambula patebulo.

Ndikuuzeni monga ndinamvera, kuti nanunso mudziwe zomwe tinkalengeza osazidziwa. M'makina aja muli mapulogalamu awiri, ina yowerengetsera katundu, ina yolankhula ndi khadi la ku banki. Awiriwa amatumizirana mawu kudzera pa kanjira kokhala ndi dzina, ndipo kanjirako ndiye paipi. Mulibe dontho la madzi. Pulogalamu ya Halima imakhala mkati mwenimweni mwa makina, amaitcha dalaivala. Aliyense akatsegula paipi, dalaivalayo amamusungira kafayilo kake kosonyeza kuti uyu walowa, ali mbali iyi. Akatseka, kafayilo kaja kayenera kutayidwa. Mukakataya msanga wina akadali kukagwiritsa ntchito, makina onse amafa, galasi n'kusanduka buluu, anthu ali pamzere ndi katundu m'manja. Mukapanda kukataya, timafayilo timaunjikana mpaka makina kubanika. Kuunjikana kumeneko ndi komwe iwo amati kudontha.

Akufotokoza choncho, anafika ponena za pulogalamu ya khadi ikazima mwadzidzidzi. Anatong'olera maso pa zojambulazo ngati watulukira china chake, choko chili m'mwamba. Ananyamuka n'kukatsegula kompyuta yake, ine n'kutsala ndi zojambula zake patebulo. Sindinazifufute mpaka lero, ndikudulira nsalu pansi.

M'mawa mwake anandiuza kuti wapeza pomwe pamadontha. Mbali imodzi ikazima osatseka bwino, inayo inkangokhala kudikira yankho, itagwirabe kafayilo kake, popanda woiuza kuti kulibenso munthu kumeneko. Iye anakonza kuti dalaivala aziyamba wauza wodikirayo kuti asiye kudikira, ndipo kafayilo kazitayidwa pokhapokha womaliza akakasiya. Ananena zimenezi akumwa tiyi ali chiimire. Ine ndinangoti, "Chabwino mwanangu," n'kutuluka kukayanika zovala zomwe zinali zouma kale.

Lachisanu anakayesa makinawo pa sitolo ina ku Woodlands. Ndinapita ku City Market kukagula ulusi, n'kubwerako ndi anyezi. Ndinasesa pabwalo kawiri. Foni ikalira, ndinkaithamangira. Itakwana faifi koloko anaimba: "Amama, pulogalamu siinafe! Tsiku lonse siinafe!" Ndinakhala pansi pakhonde pomwepo n'kuthokoza Mulungu mokweza, mpaka Bana Mulenga, akazi a apulambala aja, anasuzumira pampanda kufunsa ngati kwagwa zovuta.

Amulemba ntchito, Amayi. Koma abwana akuti masitolo ambiri omwe agula makinawo ali ku Copperbelt, ndipo akufuna munthu wodziwa mapaipiwo akakhale ku Kitwe. Ayambe pa 1 mwezi wamawa. Ine ndinkapempha kuti makina achire, sindinaganize zofunsa kuti akachira amutengera kuti mwanayo.

Dzulo anandipeza pa makina osokera n'kuima kumbuyo kwanga. Anati, "Amama, mukakana siniyenda. Nizapeza ina kuno." Ndikudziwa kuti akunena zoona, ndipo n'chimene chikundiopsa. Mawu amodzi okha angamusunge m'nyumba muno. Ndinamuyankha kuti ulusi wandithera, tikambirana mawa. Mawa lake ndi lero, ndipo posachedwa atsika minibasi.

Mukanakhalapo mukanandikalipira. Munkati ndikakhala chete nthawi yaitali ndiye kuti ndikufuna wina andiyankhire. Palibenso wondiyankhira. Ndikulonjezani kuti akalowa ndimuuza apite, ndipo ndinena ndikumuyang'ana m'maso kuti asakayike. Ndimusokera makatani a chipinda chake cha ku Kitwe, ndimuperekeza kokwerera basi, ndipo sindilira basi isananyamuke. Zapambuyo pake sindingakulonjezeni.

Geti yalira. Ndi iyeyo.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Asiyatu