Ndikapumira Pansi pa Nyanja

Lachinayi, Okutobala

Kwatentha lero, fumbi la ku Area 25 mpaka m'mano. Tsiku lonse mtima wanga unali ku Nacala.

Kupuma pantchito kwayandikira. Madalaivala anzanga a ku Kanengo akuumbitsa njerwa kumudzi, ine ndili kalikiliki kufunsa za lendi m'mbali mwa nyanja yamchere. Za ku Zanzibar ndazisiya, penshoni yanga singafikeko. Ku Nacala nyumba n'zotchipirako, ndipo n'komwe ndinalowapo pansi pa madzi, ulendo uja thiraki inagona padoko kudikira feteleza. Anandimangirira botolo la mpweya kumsana. Pansipo kulibe hutala, kulibe wapolisi wapamsewu. Nsomba zachikasu zinkandidutsa ngati ndine mnzawo, ndipo chimimba changachi sichinkalemera n'komwe.

Ndinalakwitsa dzulo pouza mayi oyandikana nafe kuti ndikufuna ndikapumire pansi pa nyanja. Masanawa akazi anga abwera kuchokera kumapemphero a amayi, nkhope ili gwa.

"Bambo a Chisomo, mpingo wonse ukuti mwalowa zasataniki! Akuti mukukatenga chuma pansi pa nyanja."

Ndinaseka mpaka misozi. Chuma chake chiti, ndi malata obookawa? Ndinawapatsa foni kuti aone kanema wa kamba wam'nyanja akusambira mosafulumira. Anaonera kawiri.

"Nanga mukafera konko, adzakunyamulani ndani?"

Koma foni sanabweze. Atakhala nayo pakhonde kanthawi, anafunsa osandiyang'ana:

"Zovala zosambirirazo, za saizi yanga zimapezeka?"