Chigamulo Choti Agogo Oti Akhale Aulesi

KOMITI YA ANTHU A M'KANJIRA KA 7, UDON THANI

Tsiku: Lamulungu, 9 Juni 2567 (pa kalendala ya kuno; kwina amati 2024)
Malo: Pakhonde la Mayi Bunruen, pomwe amagulitsira mpunga wa nkhuku

Analipo: Mayi Bunruen Saelim, wapampando, Bambo Prasong Thongsuk, wachiwiri wawo, Aphunzitsi Lamduan Srisai, Wirot Kaewkla, mlembi, amene ndine. Woitanidwa: Bambo Oddvar Skjelbred a ku Norway, amene tonse timati Agogo Oti. Nam-oi, mwana wa mlembi wa miyezi isanu ndi iwiri, analipo koma alibe voti.

Wopepesa: Daorueang, mkazi wa mlembi, anali kufakitale.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano 2:10 masana monong'ona, chifukwa Nam-oi anali atangogona pamimba pa Agogo Oti. Anati womudzutsa amugoneka yekha. Palibe anatsutsa, poti kanjira konse kakudziwa kuti mwanayu sagona pa munthu wina, ngakhale pa ine bambo wake.

2. Zimene zinachitika kubwalo la ndege

Agogo Oti anafotokoza kuti kwa zaka zisanu ndi zitatu akhala akulowa ngati mlendo wodzaona dziko, masiku akatha n'kutuluka, n'kubweranso. Lachiwiri lapitali mkulu woona za olowa m'dziko anatsegula pasipoti yawo, nawerenga zidindo mpaka kunyowetsa chala kawiri, kenako anawatengera m'kachipinda. Anawafunsa kuti dziko lathuli lili ndi chiyani chimene munthu sangamalize kuona m'zaka zisanu ndi zitatu. Agogo anayankha kuti pampu ya m'Kanjira ka 7. Mkuluyo sanaseke. Anawadindira, koma anati ulendo wina akabwera opanda viza ya opuma pantchito adzabwerera pa ndege yomweyo.

Agogo anati zaka zakubadwa zofunika pa vizayo anazipitirira kalekale, ndalama zimene boma limafuna zili kubanki, ndipo akaonekera ku ofesi ya m'chigawo Lachinayi pa 20.

Mlembi anapempha kuti zilembedwe kuti Agogo akabwezedwa, Nam-oi alibe womusunga kuyambira 1 koloko mpaka 4 koloko, ndipo mlembi akamasowa masana pa siteji ya njinga zamoto, jekete lake la nambala 14, lomulola kunyamula anthu pamenepo, lipatsidwa kwa wina. Wapampando anati, "Tamva, Wirot. Wanena kale katatu tisanayambe."

3. Kalata yoikira umboni

Bambo Prasong anatulutsa kalata ya masamba atatu yoti Agogo akapereke ku ofesi. Inali kunena kuti Agogo Oti anakonza pampu ya madzi kasanu ndi kamodzi, anatsegula ngalande madzi atasefukira, anawotcherera geti la kukachisi, ndipo amalera mwana masana alionse. Panalinso zithunzi khumi ndi ziwiri, china Agogo ali m'ngalande mpaka m'chiuno.

Aphunzitsi Lamduan anavala magalasi, nati kalatayo ndi yabwino kwambiri ngati cholinga chake n'choti Agogo akwere ndege Lachinayi lomwelo. Anati iwo anawerenga pepala la vizayo, ndipo mwini wake saloledwa kugwira ntchito, ngakhale yopanda malipiro.

Bambo Prasong anati iwo anaboola matikiti a sitima zaka makumi awiri ndi ziwiri, boma amalidziwa m'kati mwake, ndipo boma limakonda munthu wakhama. Aphunzitsi anati, "Amalume, munaboola matikiti, simunaboole malamulo." Bambo Prasong anati aphunzitsi anazolowera kukalipira ana, nawonso akufuna awaimike pakona. Nam-oi anatakasa mwendo. Mkangano unapitirira mphindi khumi monong'ona, ndipo mlembi sanamve zonse.

Wapampando anatenga kalata n'kuikhalira. Anagamula kuti komiti siikanama ku boma. Ngati lamulo likufuna nkhalamba yongokhala, ndiye kuti kuyambira lero Agogo akhaledi ongokhala, ndipo tiwayese ngati angathe.

4. Kuyeserera mafunso

Wapampando anakhala kuseri kwa tebulo ngati mkulu wa ku ofesi. Agogo sanasunthe chifukwa cha mwana, choncho tebulo ndi limene tinalisunthira kwa iwo.

Wapampando anafunsa kuti, "Bambo, mukadzuka m'mawa mumatani?"

Agogo anati, "Ndimamwa khofi."

"Kenako?"

"Ndimamvetsera pampu."

"Mukuimvetsereranji? Ndi wailesi?"

"Ikamalira kuti khwee ndiye kuti lamba..."

"Basi, mwakwera ndege!" anatero Aphunzitsi.

Tinayambiranso. Ulendo wachiwiri Agogo anayankha bwino kuti amamwa khofi, amayang'ana mitambo, amadya, amagona. Bambo Prasong anaomba m'manja mopanda phokoso. Koma wapampando atatsamira tebulo anazindikira kuti lasiya kugwedera, pamene lakhala likugwedera chichokereni malemu amuna awo. Titasuzumira pansi tinapeza kuti Agogo, akuyankha choncho, anali atamanga mwendo wa tebulo ndi dzanja lamanzere, pogwiritsa ntchito chogwirira cha supuni.

Wapampando anati, "Agogo, mwandikonzera tebulo pamaso pa boma!"

Agogo anati sanadziwe, dzanja linapita lokha. Anati anakhala zaka makumi anayi m'chipinda cha injini ya sitima yapamadzi, ndipo chinthu chogwedera chimawayabwa kuposa udzudzu.

Aphunzitsi anaona zala zawo nati zikhadabo zakuda choncho si za munthu woyang'ana mitambo. Zinagwirizanidwa kuti aziviika manja m'madzi a mandimu mpaka Lachinayi, ndipo ku ofesi akagwire chipewa ndi manja onse awiri osachisiya.

5. Bokosi la zipangizo

Komiti inagamula kuti bokosi la masipanala la Agogo likhomedwe ndi loko, lisungidwe kwa wapampando. Agogo anafunsa kuti nanga pampu. Bambo Prasong anati mlembi ndi wa njinga yamoto, zitsulo amazidziwa. Mlembi anati amadziwa kuthira petulo basi. Zinagamulidwa kuti mlembi azikonza, Agogo aziyang'ana ali chikhalire osalankhula, koma kutsokomola sikuletsedwa.

6. Za mwana

Mlembi anaimirira nafunsa ngati kulera Nam-oi kulinso m'gulu la ntchito. Aphunzitsi anati m'kalata ya Bambo Prasong kunaikidwa nambala 4, ndiye kuti ngakhale ife tinkakutenga ngati ntchito. Mlembi anakhala pansi.

Agogo anati pampu angaisiye, geti angalisiye, koma akawaletsa mwanayu ndiye kuti vizayo ilibe ntchito, kuli bwino akaone chipale chofewa kwawo. Anati adzukulu awo enieni anakulira pa foni, uyu yekha ndi amene akumudziwa kulemera kwake.

Wapampando anafunsa kuti Agogo amachita chiyani kwenikweni mwanayo akakhala nawo. Mlembi anati amagona chagada mu ukonde wolendewera pansi pa mtengo wa bwemba, mwana pamimba. Amamuyimbira? Ayi, amangoliza nkonono. Amalipidwa? Papaya wosinja ndi tsabola, amene sadya n'komwe chifukwa amawaliritsa. Botolo ndi thewera? Mlembi amathamangira kunyumba pakati pa maulendo.

Wapampando anati, "Ndiye vuto lili pati? Nkhalamba yagona masana. Boma likufuna zomwezo. Chimene chagona pamwamba pake ndi nkhani ya makolo."

Aphunzitsi anati iwo sangalumbire kuti a ku ofesi aziona choncho. Zinagwirizanidwa kuti apite nawo Lachinayi akafunse poyera, atanyamula chithunzi chimodzi chokha, cha Agogo ali mtulo kukamwa kuli yasa.

Chigamulo: Agogo Oti azigona mu ukonde tsiku lililonse, 1 koloko mpaka 4 koloko. Ovomereza anayi. Agogo anati, "Zaka makumi anayi pa nyanja, lero ndasanduka matiresi." Mlembi anapempha kuti zilembedwe kuti ndi matiresi abwino.

7. Zina ndi zina

Bambo Prasong anapempha kalata yawo. Wapampando anakana kudzuka.

Mlembi anatumidwa kuti ayambe ndi mpope wodontha wapakhondepo. Agogo anatsokomola kakhumi ndi kamodzi. Mpope ukudonthabe, tsopano mbali ziwiri.

8. Msonkhano wotsatira

Lachisanu, 21 Juni, 2 koloko masana. Viza ikatuluka, tidzakumana pakhonde pomwepa. Ikapanda kutuluka, komiti isankhe mlembi wina, uyu adzakhala ndi mwana m'manja.

Msonkhano unatsekedwa 3:55. Agogo Oti anapemphedwa kusaina kuti avomereza zigamulo. Anati dzanja lamanja lili pansi pa Nam-oi, lamanzere mwaliletsa nokha kugwira ntchito. Wapampando anati yankho limeneli ndiye loyamba lolondola lero.

Bunruen Saelim, Wapampando
Wirot Kaewkla, Mlembi