Makina a Febe

Lolemba, 4 Ogasiti 1958

Andisudzula lero. Alamu anga a Samson alankhula mwaulemu, sindingawanenere zoipa. Ati mkazi wanga Febe tamulira mokwanira, tsopano ndine womasuka, ndikhoza kubwerera kwathu kwa Kabudula. Womasuka. Njerwa za nyumbayi ndinkaumba ndekha ndikaweruka kophunzitsa, koma mkamwini ndi mkamwini basi. Mlendo ndi mame, ngakhale mame a zaka 34. Nyumba ikhala ya mwana wathu Emily, apo sindikudandaula.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Ndinapalasa njinga kukaona kwathuko. Pamene panali nyumba ya amayi pali mapesi. Mayi wina pachitsime anandifunsa kuti ndikufuna kwa yani. Ndinati ndasochera, ndipo sindinaname.

Loweruka, 9 Ogasiti

A Hilario, kalipentala wa pa Nambuma, akupita ku Halale, nyumba akugulitsa. Zipinda ziwiri, malata, chitseko cha mlombwa. Mapaundi 45. Ine ndili ndi 18, za fodya ndi zimene anandipatsa a mishoni popuma ntchito. Kuchoka pamenepo kufika pamudzi pano, pamene wagona Febe, ndi ola limodzi wapansi. Ndayesa dala pobwerera, njinga ndikukankha. Kwa Kabudula mawondo angawa sangakwanitse.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Ku boma ku Lilongwe, ofesi ya ngongole. Kalaliki wake ndi Alick, amene ndinamuphunzitsa Sitandade 2, uja ankalemba 7 chotembenuza. Lero cholembera chili kwa iye.

Anandifunsa zaka, maso ali pansi. 62. Anati ngongoleyo imabwezedwa zaka zisanu ndi zitatu, nayamba kuwerenga ndi zala kunsi kwa tebulo. Ndinamuuza kuti asavutike, kuwonkhetsa ndinamuphunzitsa ndine. Kenaka nkhani ya chikole. Ndinatchula nyumba.

"Pepani aphunzitsi, ili pamalo a yani?"

Ndinatchula munda, funso lomwelo. Ng'ombe ndilibe. Njinga ati yakalamba. Ndinati ikufanana ndi mwini wake, tinaseka tonse. Nditadutsa mlatho ndinatsika, ndinakhala pansi pa mtengo n'kulira. Moyo wonse ndagwira ntchito, koma palibe kanthu kolembedwa m'dzina langa.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Kutchalitchi poimba nyimbo ndinangotsegula pakamwa. Mawu osatuluka.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

M'mawa Emily anatulukira atasenza makina osokera a amake, aja Febe anagula ndi ndalama za mtedza nkhondo itangotha. Pogawa katundu azakhali ake anamupatsa iye. Anawatula pamapazi anga. Ndinamufunsa ngati amalume ake akudziwa.

"Ndi anga, bambo. Mukalephera kubweza adzatenge. Koma inu musapite kutali."

Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinakana kawiri. Kachitatu anangowasiya pomwepo n'kumapita.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Ndinawamangirira panjinga mpaka ku boma. Alick anati avundukule kuti alembe nambala yake. Chimwalirire Febe palibe amene anali atatsegulapo.

Kunsi kwa singano kunali malaya anga a kaki, mkono umodzi wokha, winawo wangolumikizidwa theka. Ndinakumbuka. Ankasoka Loweruka lija, nati mutu ukuwawa, amaliza Lolemba.

Alick analemba nambala mosamala, osakhudza nsalu. Anati makinawo ndibwerere nawo, kungoti asagulitsidwe. Posayina dzina langa linatuluka ngati la mwana wa Sabu A, woyamba kumene sukulu.

Loweruka, 13 Sepitembala

Kalata yafika. Avomera ngongole ija, mapaundi 27. Ndidzamaliza ndili ndi zaka 70, Mulungu akalola. Sindinakondwe monga ndinkayembekezera.

Lachisanu, 19 Sepitembala

Ndasamuka. Katundu yense wakwana pangolo imodzi, malo n'kutsalanso. A Samson anandithandiza kukweza bedi.

M'nyumba mukununkha utuchi. Makina ndinati abwerere kwa mwini wake, koma Emily anawaika patebulo pafupi ndi zenera, ati kuno kukuwala bwino, azibwera kudzasokera Lachisanu lililonse. Anavundukula, naona malaya aja. Sanandifunse. Anakhala pansi, anawongola nsalu ndi chikhatho ngati amake, nayamba kupukusa.

Ndinatuluka kukaima pakhonde, kiyi ali m'manja, kuti ndizingomva, osaona amene akusoka.