Mwala wa Kutayala

Lachinayi, Novembala. Kwatentha, ndipo mtima sukukhazikika.

Pikapu yanga yazimanso pachitunda cha ku Thambani, itanyamula mbuzi za eni ake. Takankha mpaka malaya kunyowa. A Fernando, makaniko anga, angopukusa mutu. "Achimwene, kukonza ndikonza, koma mvula ikayamba mudzabweranso. Galimotoyi yakalamba."

Masana ndinapita ku boma kukayesa yatsopano imene bambo wina akugulitsa. Imalira ukangokhudza kiyi. Pobwerera ndinaiimika pamtsetse, n'kutsika kukafuna mwala woika kutayala. Mwini wake anaseka. "Bambo, iyi siithawa, ndipo siifuna kukankha."

Manyazi anandigwira. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti ndiko kayendetsedwe ka galimoto, osadziwa kuti ndikulera matenda.

Mayi a kunyumba akuti tigulitse yakaleyi mvula isanagwe. Sakunama. Koma ndi yomweyi inanyamula maliro a bambo anga msewu uli matope okhaokha, magalimoto ena onse atakana.

A Fernando akufuna yankho mawa, kuti adziwe ngati aikonze kapena ndiigulitsa. Kwayamba kugunda mabingu, ndipo ndatulukanso kachitatu kukaona ngati mwala ukadali kutayala la yakaleyi.