Njere za mu mpendero wa jekete

Kepitauni,
3 Novembala 1996.

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wa mwana wanu ali kutali. Kaya muli bwanji kumeneko, nanga bondo lija likuti bwanji? Ine ndili bwino, ndipo ntchito yosamala maluwa kwa a Dona Matthews ikuyenda.

Lero ndendende miyezi isanu ndi itatu chikwerereni basi pa Mitundu. Kuno kuli phiri lathyathyathya pamwamba. Mtambo ukaligonera ndimayesa ndi Dzalanyama, mpaka ndimatchera khutu kuti ndimve mabelu a njinga za makala. Lamulungu lina ndinakwera sitima yoyenda m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo ndinapitirira masiteshoni anayi, maso ali pamadzi. Ndinawalawa madziwo. Kapu imodzi ikhoza kukoleretsa nkhwani wa banja lonse.

Koma Amayi, ndakulakwirani. Mukumbukira njere 36 za chimanga chamakolo zimene munandisokerera mu mpendero wa jekete. Pa 14 Meyi kunagwa mvula, dothi linanunkhira ngati Novembala wa kwathu. Sindinafunse munthu. M'mawa mwake ndinakumba mapando asanu ndi anayi kuseri kwa chipinda changa, ndinabzala zitatuzitatu monga munandiphunzitsira. Ndinadikira masiku 21. Nditafukula ndinapeza zonse zitaola.

A Jeremiah, bambo wa ku Nathenje amene wakhala kuno zaka khumi, anaseka mpaka kutsamira mpanda. Anati mvula ya kuno imabwera ndi chisanu, munthu amabzala ikatha n'kumathirira ndi paipi. Anatinso thupi langa lokha ndi limene linadutsa malire, mutu unatsala pa Mitundu.

Zinatsala njere zisanu ndi zinayi. Ndinabzala pa 12 Okotobala, zamera zisanu ndi ziwiri. Ndikaweruka ndimakhala pambali pa chimangacho. Timasamba take tikamagwedezeka ndimakuonani mukupalira kumunda wakuchulu, mpango wanu wobiriwira uli kumutu.

Pempho langa ndi limodzi. Mlongo wanga Felesiya anandilembera kuti alamu a Lackson akufuna munda wonse ukhale wa haibulidi chaka chino, ndipo chimanga chambewu chimene munapachika pa utsi m'khitchini chipite kuchigayo. Haibulidi sindikumukana. Koma chonde musungeko chamakolo, mubzale ngakhale mizere isanu. Kuno kumawomba chimphepo chogwetsa ndi munthu yemwe, ndiye sindikudziwa ngati mbewu zanga zipirira. Zikafa kuno, kwanunso chitatha, mbewu ya agogo ithera m'manja mwathu.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa mlongo wanga Felesiya ndi alamu, ndi kwa adzukulu anu onse.

Chimanga changa chikacha, ndidzawerenga njere 36 n'kuzisokerera mu mpendero womwe uja. Sindidzatuma munthu. Jekete ndidzavala ndekha.

Ndine mwana wanu,
Yona.